Mana a m'duku la amayi

Duku lija linali lobiriwira, long'ambika pakona, lonunkha utsi. Amayi anandimanga nalo kumutu Lamulungu lija kuti ndioneke ngati Muisraeli weniweni. Mpaka lero ndikaona mbuliuli pamsika wa Namadzi ndimakumbuka duku limenelo, ndipo sindigula.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mvula inabwera mochedwa chaka chimenecho, moti Febuluwale anatipeza kwa Mpama anthu akubandira chimanga mimba zili pululu. Bambo anali atamwalira kale. Pakhomo tinatsala atatu: amayi, ine ndi mng'ono wanga wazaka zitatu, amene mapazi anali atayamba kutupa. Tinkadya kamodzi patsiku, nthawi zina nkhwani zokhazokha, zopanda ndi mchere womwe.

Ana okonzekera Ukaristia woyamba tinkakumana Loweruka lililonse pa katchalitchi ka m'mudzi mwathu. Aphunzitsi a katekisimu anakonza sewero la Aisraeli m'chipululu, loti tionetse makolo poyamba Lenti. Tinkazungulira tchalitchi kanayi, ulendo umodzi zaka khumi, tikulirira Mose kuti tili ndi njala. Koma abale, zimenezo n'zofunanso kuphunzitsidwa? Palibe gawo lomwe tinkalitha ngati limenelo. Poyeserera, mana athu anali timiyala. Aphunzitsi ankabwereza mawu amodzimodzi, chala chili m'mwamba: "Wosunga mana ndi wosakhulupirira Mulungu."

Tsiku lenilenilo amayi anatsala kunyumba ndi wodwala. Titazungulira kachiwiri, aphunzitsi anatulutsa lichero, n'kuyamba kumwaza pamkeka. Sanali miyala ayi. Zinali mbuliuli, zoyera mbee, zofunda, fungo lake lolasa mpaka m'mimba. Tinaiwala Mose, tinaiwala Kanani, tinangogwerapo ngati nkhuku. Ine ndinaponya ziwiri m'kamwa, kenako ndinakumbuka mng'ono wanga ali gone pamphasa. Ndinavula duku, kukokolola zodzaza manja awiri, kumanga mfundo, n'kubisa mkati mwa diresi.

Nzeru za mwana! Aisraeli onse anali ndi nsalu kumutu, ine ndekha mutu uli pamtunda, pamimba patatupa. Aphunzitsi anaimitsa sewero. Anandikoka dzanja mpaka kutsogolo, pamaso pa makolo onse.

"Nayu tsopano Muisraeli wathu wouma mutu," anatero. "Tulutsa."

Anthu anaseka, ena mpaka kugwira nthiti. Aphunzitsiwo anamasula mfundo ija n'kukhuthulira mbuliuli m'matope, akulengeza kuti mana osungidwa agwa mphutsi. Nkhuku za oyandikana ndi tchalitchi zinatha zonse ine ndikuona. Kenako anatulutsa kope lawo, n'kudula dzina langa pamndandanda wa odzalandira pa Pasaka. Duku ananditayira kumapazi.

Nkhani imeneyi ndinadzaiwerenga ndekha nditakula, osati kamodzi. Aisraeli aja ankaletsedwa kusunga chifukwa mana ankagwa m'mawa uliwonse. Athu anagwa kamodzi, pamkeka umodzi, ana makumi atatu. Mawa lake kwathu kunagwa mvula basi. Ndiye munthu wamkulu, wokhuta, wodziwa kuwerenga, n'kumuimika mwana wanjala kuti sakhulupirira Mulungu? Ine zimandinyansabe, ndisaname, ngakhale mwini wakeyo anagona kalekale.

Ndinafika kunyumba ndikulira, ndikudikira chikoti. Amayi sanandimenye. Anamvetsera zonse, n'kutenga duku lija, kulikutumula, ndipo m'mphepete mwa msoko munagwa mbuliuli imodzi. Anaipukuta n'kumuika mng'ono wanga m'kamwa. Za dzina langa anangoti, "Mwana wanga sadzakhala pambuyo anzake akulandira." Kwathu mwana wotsalira pa Ukaristia ankalozedwa chala mpaka kumjigo, ndipo manyazi ake ankasenza ndi mayi.

Kuyambira Lolemba amayi ankalawirira ndi khasu, kubwera dzuwa litapendeka, miyendo ili matope okhaokha. Anatero milungu iwiri. Ine ndinkadziwa kuti ali kumunda kwathu, nanga kwina kuti? Loweruka lachitatu aphunzitsi anandiitana, n'kulembanso dzina langa ana onse akuona. Anati andikhululukira monga Mulungu anakhululukira Aisraeli. Ndinagwada kuwathokoza. Inde, ndinagwada ine, mpaka kuwomba m'manja.

Mng'ono wanga anachira ndi phala la kuchipatala cha mishoni. Pa Pasaka ndinalandira, nditavala diresi loyera lobwereka, amayi akulira kumbuyo kwa tchalitchi. Ndinkaona ngati ndafika ku Kanani.

Zoona zake anadzandiuza ndi amalume, pamaliro a amayi, ine ndili kale ndi ana anga. Milungu iwiri ija amayi ankabandira munda wa aphunzitsi, ulele, osapatsidwa ndi chikho cha madeya chomwe. Umenewo ndiwo unali mtengo wa dzina langa. Munda wathu unatsala osabandira, udzu n'kuumeza. Amalume anati anawaletsa, koma amayi anawayankha kuti chimanga chimadzalidwanso.

Ine za zimenezo ndinalibe nazo mutu pamene tinkakolola mwezi wa Epulo. Ndimakumbuka tikulowa m'munda mwathu, udzu ukundifika m'khosi, chisoso chikumata diresi. Tizisononkho tinali tating'onoting'ono, tina topanda ndi njere zomwe. Munda wonse unatipatsa madengu atatu. Pobwerera tinadutsa pamunda wa aphunzitsi, mizere ili yoyera bwino, chimanga chikulendewera ngati mikono ya munthu. Ndinaima, dengu lili pamutu, mtima utandipsa ndi manyazi.

"Amayi," ndinatero, "bwanji inu simutha kulima ngati aphunzitsi?"

Amayi anauyang'ana munda uja kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, mzere ndi mzere. Kenako anakonza duku lawo lobiriwira lija n'kundiuza kuti tiziyenda, dzuwa lakwera. Ine ndinawatsatira ndikunyinyirika njira yonse, ndikuganiza kuti akhala chete chifukwa ndawanena zoona.