Tiyi wa Mayi Dzaza ndi Galimoto Yoyimba Yokha

Tsiku limene anthu a mumsewu muno anawaona koyamba Mayi Dzaza, anali akutuluka m'nyumba ya lendi yomwe anali atangolowamo kumene, kapu ya tiyi ili m'manja onse awiri, akuyenda mwapang'onopang'ono ngati wodwala msana. Tiyiyo anali wodzaza mpaka m'milomo mwa kapu, koma silinagwe dontho ngakhale limodzi. Pageti panali amuna awo, atatsamira kagalimoto kofiira kokalamba, akudikira. Dzina la Dzaza linayambira pomwepo, ndipo lenileni palibe analifunsanso.

Mayi amenewa ndi aafupi, a mikono yolimba, pakamwa posachedwa. Amati kapu yosadzaza umapatsa mlendo amene sukumufuna. Shuga amathira wochita kuti supuni izivutika kutembenuka. Ukawauza kuti achepetse, amakuyang'ana ngati wawatukwanira makolo.

Amuna awo, omwe anthu amawatchula a Takisi, kale ankayendetsa mathiraki a maulendo ataliatali. Ankachoka mwezi uli kuno n'kubwera wina utakhala. Ana onse anamera mano bambo awo ali pamsewu. Ndiye atasiya ntchito ija n'kugula takisi, Mayi Dzaza anapuma. Munthu ankagona kunyumba tsopano. M'mawa uliwonse ankamwera tiyi pageti ataimirira, mayi ali pambali kudikira kapu yawo, akukambirana za denga lodontha ndi za nkhuku za aneba zosamva.

Kagalimoto kofiira katatheratu, anagula ina. Yogwirapo kale, inde, koma yonyezimira, kutsogolo kwake mabatani ngati mano a chimanga. Pa dashibodi, pamwamba penipeni pa wailesi ndi mabataniwo, panali kanthu kodabwitsa. Ukakadina kamatuluka ngati lilime, kali ndi bowo loikapo kapu.

Mayi Dzaza anaitana aneba onse kudzaona.

"Dinani apa, achemwali. Musaope, sikaluma. Mwaona? Opanga galimotoyi ankandidziwa ine!"

Kuyambira pamenepo tiyi uja ankakwera nawo. Mayi amaika kapu palilime paja, bambo amayatsa injini, zyuu, apita. Mayi amatsala pageti manja ali lende. Mumtima munkachita kakusowa, koma ankadzitonthoza kuti chitukuko chimatero.

Miyezi itapitapo, galimoto inayamba misala. Wailesi inkayaka yokha, mokweza, bambo atanyamula anthu opita kumaliro. Fani inkauzira mpweya wotentha masana dzuwa likuswa mtengo. Magetsi a mahazadi ankaphethira popanda wowakhudza. Tsiku lina kamuvi ka mafuta kananama kuti thanki ndi yodzaza, galimoto n'kuzima pakati pa msewu, mayi wina wapakati ali kumbuyo akuthamangira kuchipatala. Anafika bwino pa galimoto ina, koma mbiri inafalikira. Makasitomala akale anayamba kuyang'ana kumbali a Takisi akamadutsa.

Tsiku lina madzulo akudya, bambo anayankhula maso ali m'mbale.

"Mayi, abwana anga akale aja andiimbira. Akuti thiraki ina ilibe dalaivala."

"Ndiye mwawayankha chiyani?"

"Ndati ndiganize. Galimoto iyi anatigulitsa yowola. Ndingoigulitsa isanandiphere munthu."

Mayi Dzaza anasiya kudya. M'maganizo anaona kale bedi logonedwa mbali imodzi, ndi geti lopanda munthu m'mawa.

Kutacha anatenga ndowa ndi kansalu. Anati ngati ikugulitsidwa, isapite yauve n'kuwachititsa manyazi. Akupukuta mkati, anaona nyerere. Zinali pamzere, zochokera pansi pa mpando, kukwera m'mbali mwa giya, n'kukalowa m'kampata ka batani la mahazadi. Zina zinkatuluka, mimba zili tototo.

Nyerere siziyenda ulendo wachabe. Mayi anadina batani lija, linamata, linabwerera mochedwa. Anapisa chikhadabo m'mpatamo, chinatuluka ndi zakuda zonanda. Ananunkhiza. Kenaka, poti panalibe woona, analawa.

Munthu sungasokere dzanja lako. Unali tiyi wawo.

"Bambo! Valani nsapato, tikupita kwa a Mawaya."

A Mawaya ndi amene amakonza zamagetsi a galimoto kuseri kwa msika, m'kashedi kodzaza mabatire akufa ndi mawailesi opanda nkhope. Ndi munthu wowonda, magalasi ake omanga ndi waya, nthabwala sizimuthera. Anamasula zomangira, anakoka wailesi, anaunika ndi tochi. Nyerere zinabalalika ngati msika wagwa mvula. Kuseri kuja mawaya onse anali atakutidwa ndi chikhakha chabulauni, kabolodi kobiriwira ka magetsi kali ndi dzimbiri loyera m'timizere take.

"Madala," anatero a Mawaya, "galimoto yanuyi ili ndi matenda a shuga."

"Osaseka, achimwene. Ichira?" anafunsa mayi.

"Wailesi yokha yatisiya, ipume mumtendere. Zinazi nditsuka ndi sipiriti ndi mswachi, ndisintha kabolodi aka ndi mafyuzi. Koma amene anaika choikapo kapu pamwamba pa magetsi, ameneyo hampu ya pamsewu sanaionepo chibadwire. Si inu oyamba. Ena amathira zakumwa zozizira, ena khofi. Madzi okha amauma, koma shuga amakhala, amayamwa chinyontho, n'kumalumikiza mawaya osayenera kugwirana. Koma wanuyu, amayi, ndi wapamwamba. Mumathira ndi fosholo?"

Mayi Dzaza anatembenukira amuna awo, omwe anali atayamba kuwerenga misomali ya padenga.

"Bambo, tiyi ameneyu ankatayika inu mukuona?"

"Pang'ono pokha. Pahampu ya pasukulu paja. Ndi pamaenje a pamphambano."

"Tsiku lililonse?"

"Ndinkapukuta ndi kansalu pamwamba. Ndinkadziwa bwanji kuti akulowa mkati?"

"Osandiuza ine?"

A Takisi anakanda m'mutu. "Ndikanati chiyani, mayi? Kuti muzindithirira theka? Ndikanagona kuti tsiku limenelo?"

A Mawaya anaseka mpaka magalasi anatsetsereka. Mayi anafuna kukwiya, koma mkwiyo unakana kubwera. Anangoti, "Taonani munthu wamkulu ndi ndevu zake, kuopa kapu."

"Nkhani yaing'ono iyi," anatero a Mawaya akupukuta misozi. "Gulani kapu zachivindikiro zija, zokhala ndi kabowo komwera."

"Amuna anga si khanda loti liziyamwa."

"Basi muzithira yosadzaza."

"Mukazithira kwanu yosadzaza. Inu tengani guluu wanu wolimba uja, mumate kalilimeka. Kasadzatulukenso."

"Amayi, ena amalipira kuti ndiwakonzere kameneka."

"Ine ndilipira kuti mukaphe."

Anakamata. Ntchito inatenga tsiku lonse, mayi ali pa benchi yamafuta, osasuntha, kuyang'anira mswachi uliwonse. Dzuwa litapendeka a Mawaya analiza injini. Kamuvi ka mafuta kananena zoona, mahazadi anakhala chete mpaka atawadina, fani inauzira kozizira. Pobwerera, pahampu ya pasukulu, bambo anachepetsa liwiro mwachizolowezi, dzanja n'kupita lokha kukagwira kapu yomwe panalibe. Onse awiri anaona. Atatsala pang'ono kufika, bambo anati, "Abwana aja ndiwaimbira. Msana wangawu sungathenso thiraki."

"Msanawo ndi wanzeru kuposa mwini wake," anatero mayi, akuyang'ana pawindo kuti asaonedwe mano.

M'mawa mwake anatuluka ndi kapu m'manja awiri, yodzaza mpaka m'milomo. A Takisi anamwa ataimirira pageti, akuuzira, mayi ali pambali akuwauza za denga lomwe mpaka lero likudontha. Galimoto itachoka, aneba omwe ankasesa panja anasendera.

"Achemwali, nanga kalilime kanu kotchuka kaja kali kuti? Mwabwereranso ku zakale?"

Mayi Dzaza anakhuthulira pansi timadontho totsalira m'kapu.

"Takamata pakamwa. Galimoto ija inkandimwera tiyi wa amuna anga mobisa, mpaka kuledzera nayo n'kumaimba pamaliro. Ine sinditumikira amuna awiri. Wofuna tiyi wanga azimwa ataima pano, akundiyang'ana, kapu n'kundibwezera m'manja. Wailesi yafa, zilibe kanthu. Nkhani zonse azimva kwa ine asananyamuke."