A Matipate ndi Kasupe Wathu

Dzulo ndinagula kachewere pa Lizulu. Nditamasula thumba, fungo la dothi lonyowa linandibwezera kwathu, kuseri kwa Tsangano.

Mudzi wathu unakula chifukwa cha kasupe wa m'phiri. Madzi ake, ozizira mochititsa mano dzanzi, ankatsika m'ngalande n'kumathirira madimba chilimwe chonse. Malole ankabwera kudzanyamula kachewere. Tinali ndi chigayo, magolosale, ngakhale telala.

Kenaka kunabwera mkulu wina wofuna mavoti. Anaimirira pa lole n'kukuwa kuti, "Matipate abwera! Phirili ndi lanu, palibenso wokuletsani!" Anthu anaomba m'manja. Nkhwangwa zinayamba kulira, utsi wa makala n'kukuta phiri lonse.

Ine, pokhala mwana, ndinkayesa a Matipate ndi munthu. Kasupe atayamba kungodontha, ndinafunsa bambo anga kuti, "Ababa, a Matipatewo akumwa okha madzi onse? Bwanji osawauza atisiyireko?"

Bambo sanaseke, sanakalipe. Ankangopala matope ouma m'ngalande ndi khasu. "Pita ukathandize amako kumanga katundu," anatero.

Chigayo chinali chitasamuka kale, telala anatsatira, ife tinanyamuka pambuyo pake. Sindinalire. Ndinkangoyang'ana mumsewu, kuti mwina ndiwaona a Matipate akudutsa ndi chimimba chodzaza madzi athu.

Chaka chatha ndinapitako. Pamene panali chigayo pamera chisoso, ndipo phiri ndi miyala yokhayokha. Ndinaima pamenepo osamva kanthu. A Matipate sindinawaonepo mpaka lero, koma nkhwangwa imodzi ndimaikumbukira bwino: inkagona kuseri kwa chitseko chathu.