Thabwa la M'boti la Bambo

Ndili Folomu 3 kusukulu yoyendera ya kwathu ku Kanyenda kunabwera mphunzitsi wa masamu wochokera ku Japan, mayi wamfupi woyenda mofulumira. Ine ndinkakhala kumbuyo, wosayankhula, ndiye ankandituma kukasiya makope kunyumba kwawo. Pakhoma la pabalaza panali chithunzi cha mvula ikugwa pa minda ya mpunga, anthu awiri atawerama, patali phiri. Tsiku lina anandipeza nditaima pomwepo makope ali m'manja.

Anachitsitsa n'kundiuza kuti ndikhudze kumbuyo kwake. Pepalalo linali ndi timizere tolowa mkati. Anandifotokozera kuti sichinajambulidwe ndi bulashi. Munthu amasema chithunzi pathabwa, napaka utoto wosakaniza ndi phala la mpunga, n'kuika pepala lonyowa pang'ono pamwamba, kenako amalitikita ndi dzanja. Mtundu uliwonse uli ndi thabwa lake. Anati choyambacho chinapangidwa kalekale, koma ichi anachipanga amisiri a masiku ano, amene amasema matabwa atsopano ndi manja potsata chakalecho.

"Ndiye si chenicheni?" ndinafunsa.

"Manja ake ndi enieni," anatero m'Chichewa chawo chodukaduka, akuseka.

Mpunga tinali nawo. Mwaye unali wodzaza kudenga la khitchini. Chosowa chinali thabwa losalala, ndipo m'nyumba mwathu munali limodzi lokha. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo anandilera agogo aakazi, mayi a bambo. Boti la bambo linaolera pagombe, koma agogo anazulamo thabwa lokhalira, la mlombwa, losalala chifukwa chokhalidwa zaka zambiri. Linkakhala pansi pa bedi lawo. Za bambo zina zonse anagawana achibale.

Ndinatha sabata ndikuzengereza kulipempha. Pomaliza ndinawapeza agogo akufutukula chinangwa pathandala.

"Agogo, thabwa lija."

"Latani?"

"Ndimafuna ndisemepo."

"Usemepo chiyani, mpini?"

Ndinafotokoza zonse, za phala, za pepala. Anamvetsera osandiyang'ana.

"Anthu akewo phala amapaka pathabwa? Kwawoko njala kulibe eti?" Anapitiriza kufutukula chinangwa. "Ukaliwononga, lina kulibe. Ukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Katenge. Usandigwetsere ndowa ili pamenepo."

Ndinasankha kusema zimene ndinkaona tsiku lililonse ndikakhala pakhonde: mkuyu waukulu kumanzere, mathandala a usipa kumanja, pakati mabwato awiri. Ndinajambula ndi pensulo pathabwa pomwepo. Mipeni ndinapanga ndekha ponola masipoko a njinga pamwala. Mlombwa ndi wouma, ndipo ndinasema masabata atatu, ndikaweruka, zala zitatupa. Agogo ankadutsa ndi lichero, n'kusuzumira. Kamodzi kokha anatola tizibenthu tofiira pansi n'kutiika m'thumba la chitenje chawo.

Loweruka lina m'mawa ndinaphika phala losalala, ndinasakaniza ndi mwaye, ndinawaza madzi pa mapepala a pakati pa kope. Ndinatikita ndi kumbuyo kwa supuni. Pepala loyamba linang'ambika. Lachiwiri linatuluka lakuda bii. Lachitatu ndinalisenda pang'onopang'ono, ndipo zonse zinaoneka, mpaka nthambi.

Koma mkuyu unali kumanja, mathandala kumanzere.

Ndinayang'ana thabwa, ndinayang'ana pepala, ndinayang'ana kugombe. Madamu aja sanandiuze kuti chodinda chimatuluka chotembenuka, mwina ankayesa kuti aliyense amadziwa. Chimene wasema sungachibwezeremo. Ndinali nditakumba thabwa la bambo kuti nditulutse malo amene kulibe.

Ndinafuna kubisa pepalalo, koma agogo anali ataima kale kumbuyo kwanga.

"Bweretsa."

"Ndalakwitsa, agogo. Zatembenuka."

Analitenga ndi nsonga za zala, n'kulitalikitsa ndi maso monga amachitira ndi singano. Anayang'ana nthawi yaitali moti ndinayamba kumva njala.

"Mkuyu wakowu ukuoneka ngati kabichi," anatero.

Analiyang'ananso.

"Koma uli pamalo pake. Iwe sunakwerepo boti, umangoonera pakhonde ngati nkhuku. Ukamachokera panyanja, mkuyu umakhala kumanja." Analoza ndi chikhadabo. "Ife pobwera kuchokera kumpoto, ndili ndi bambo ako kumsana, tinakocheza apa. Ndinkasanza njira yonse. Nditadzutsa mutu ndinaona mtengowu mbali iyi, ndiye ndinauza agogo ako aamuna kuti ine sindipitirira, akafuna apite okha."

Nkhani imeneyi anali asanandiuzepo. Ndinkayesa kuti tinachokera pomwepa.

"Atuluka angati mapepala pathabwa limeneli?"

"Ambiri. Mpaka phala litatha."

"Dinda ena anayi. Limodzi ndikapatse mng'ono wanga ku Dwangwa, amakana kuti panali mtengo." Anatembenuza thabwalo n'kusisita kumbuyo kwake ndi chikhatho. "Kunoku sunakhudze."

"Ayi."

"Mawa ukapemphe amalume ako akutenge pa bwato, ukaone nyumbayi uli pamadzi. Ukatero udzaseme kunoku. Koma undichotsere mbale zakuda izi nkhuku zisanadye."

Lolemba ndinapita ndi pepala limodzi kwa madamu. Anagwira pakamwa, napepesa kambirimbiri chifukwa chosandiuza, kenako anandionetsa mmene amisiri amamatira chojambula chafufumimba pathabwa asanayambe kusema. Ndinamvetsa msanga, popeza dzulo lake ndinali nditakhala m'bwato la amalume, nditagwira m'mbali ndi manja onse awiri, ndikuyang'ana agogo ali pakhonde akundikodola kuti ndikhale pansi bwino.