Zimene a Zakeyu Anaona Kuseri kwa Nyumba za ku Zomba

A Zakeyu Mulipa anabwera ku Thyolo kuchokera kwa Apwitikizi, ndipo ntchito yawo pa esiteti ya tiyi inali yonyamula machila. Chaka china bwana wawo anaitanidwa ku Zomba, likulu la boma, ndiye iwo ndi anzawo anamusenza ulendo wonsewo, iye ali gone.

Mzindawo unalidi womangidwa mwanzeru, misewu yosesedwa bwino, nyumba zoyera zitandanda m'phiri. Koma bwanayo anafuna kuchezera anzake onse, ndipo onsewo ankakhala kumtunda. A Zakeyu anakwera, kutsika, kukweranso, mapewa ali zilonda. Pakhomo lililonse ankawauza kuti akadikire kuseri.

Kuseriko anaona kanjira kopapatiza kodutsa kumbuyo kwa nyumba zonse. Akaidi ankayenda m'menemo atasenza ndowa zochokera m'zimbudzi za azungu. Ndowa ina inkadontha, zonyansa zikuyenderera pakhosi pa bambo wina wa imvi amene anaisenza, ntchentche zikumulondola.

"Kodi zimenezi n'za masiku onse?" a Zakeyu anafunsa mlonda wa panyumbapo.

"M'mawa uliwonse, achimwene," anayankha mlondayo. "Mumayesa mzinda umayera wokha?"

A Zakeyu analavula, ndipo tsikulo chakudya chinawakanika.

Atabwerera ku Thyolo anapempha kapitawo kuti awapatse khasu azilima m'munda wa tiyi, ndipo anakalambira komweko. Mwana wawo wamwamuna atapeza ntchito yophika ku Zomba, anawaitana kangapo kuti akamuone, koma iwo anakana mpaka imfa yawo.