Matewera pa Waya wa Ndege

Amuna anga anali makaniko ku galaja ya esiteti ya tiyi. Chaka chimene ndinabereka mwana wachitatu, kandege kothira mankhwala m'minda kanatera pafupi ndi fakitale, iwo n'kukazungulira tsiku lonse. Pofika kunyumba akuti, "Mayi a mwana, chinthu chija n'chosavuta. Ndipanga yanga."

Ndinaseka mpaka mwana kusiya bere. Koma anthuni, anapangadi! Kuseri kwa nyumba yathu ya kampani kunaima chinthu cha mabokosi a tiyi, matayala a wilibala ndi injini ya njinga yamoto yakufa. Loweruka lililonse gogodo, gogodo. Ine pemphero langa linali limodzi: Ambuye, zikomo pondipatsa mwamuna wosamwa mowa, koma mapikowa musawadalitse kwambiri.

Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi chiperoni. Ankati nkhungu ikaphimba phiri, woyendetsa ndege saona kanthu, amatsata kulira kwa wailesi, ndipo wailesiyo imamva kudzera pa eriyo. Popanda eriyo uwomba phiri, kapena ukatera ku Milanje, kutsidya kwa malire, kwa Apwitikizi. Ine ndinkangoti eya, eya, uku ndikutsuka mbale. Eriyoyo sindinafunse kuti imaoneka bwanji.

Lachisanu lina, iwo atapita kuntchito, ndinapeza waya wonyezimira atamangidwa kuchokera pamutu pa ndege mpaka kumchira, wokungika bwinobwino. Mtima wanga unangoti myaa. Miyezi itatu ndikupempha chingwe choyanikapo zovala, lero andikumbukira! Ndinachapa matewera onse ndikuimba nyimbo ya kumvano, n'kuwayanika mbee, kumutu mpaka kumchira.

Sindinadziwe kuti kulaini kwathu nkhani inali itayenda kale, yoti makaniko uja wamanga waya wolankhulira ndi anthu a kutsidya kwa malire. Masiku amenewo mawu otere ankanyamula munthu, ana n'kukula osamuonanso. Masana ndinangoona a tcheyamani a chipani ndi azibambo awiri akulowa pabwalo, amuna anga ali pakati pawo, nkhope ili mbuu. Anali atawatenga kugalaja. "Muluku wanga," ndinatero, kuitana Mulungu monga ankaitanira amayi anga.

"Mayi, waya uja ali kuti?" anafunsa a tcheyamani.

"Waya uti, bambo? Pano pali chingwe changa chokhachi. Chonde musakhudze, matewera sanaume."

Anazungulira kuseri, n'kuima. Ndege ili apo, matewera ali petupetu ndi mphepo.

"Ndiye a ku Milanje mumalankhula nawo ndi matewera?" anatero a tcheyamani.

Mmodzi wa azibambo aja, wofuna kuonetsa khama, anaika khutu pa waya kuti amve Chipwitikizi. Thewera linamudonthezera madzi m'khutu momwemo. Analumpha ngati walumidwa ndi mavu! Mnzake anayamba kuseka, a tcheyamani anayesa kulimba nkhope koma mapewa ankagwedezeka.

"Nanga bambo, ndege yanuyi iuluka liti?" anafunsa a tcheyamani.

Ndinayankha ndine: "Akauma, bambo."

Basi, a tcheyamani anagwira pamimba. Anaona makhadi athu a chipani misozi ili m'maso, n'kunena kuti tsiku loulukalo tidzawaitane, koma adzakhala chapatali. Anapita opanda amuna anga.

Iwo anakhala pansi pafupi ndi tayala, thukuta lili kamukamu. Patapita nthawi akuti, "Mayi a mwana, imene mwayanikapoyi ndiyo eriyo."

Ee! Ndinagwada pomwepo pafumbi kuti ndithokoze Ambuye, koma pemphero silinkatuluka, kumangotuluka phwete. Ndikati "Atate wathu," phwete. Iwonso anayamba, mwana kumsana n'kudzuka kulira. Ndikhulupirira kumwamba anamva ndithu.

Ndegeyo sinauluke, ndipo pa chimenecho ndimayamikabe. Nkhuku zinaikiramo mazira mpaka chiswe chinamaliza mabokosi. Koma waya sanamuchotse. Anamusamutsira pakati pa mtengo wa gwafa ndi wa peyala, ndipo anaumitsa matewera a ana ena atatu. Mvula ikamabwera kuchokera kuphiri ankandikuwira kuti, "Mayi a mwana, thamangani, kaanuleni pa eriyo!"