Kapepala ka pamphumi

Ndinataya mkazi wa zaka makumi awili ndi zinayi. Ndinataya wodziwa kumene kumakhala makiyi. Ndinatayanso maso osiyanitsa chofiila ndi chobiliwila, popeza anga sanasiyanitsepo chibadwile.

Ku koleji ndinabisa vutoli zaka zitatu. Tizipangizo ta mu wailesi timadziwika ndi mizele ya mitundu. Anzanga ankangoyang'ana, ine ndinkayeza kalikonse ndi mita, aphunzitsi n'kumati ndine wosamala. Nditatsegula kashopu kokonza mawailesi ku Nyimba, mkazi wanga ndiye ankandiwelengela mizeleyo, mwana ali kumsana.

Zinali zaka zija zipani zitachuluka, katundu wakunja atadzaza msika. Pa thebulo la mawochi a manambala mkazi wanga anagula kapepala kakuda koika pamphumi. Thupi likafunda pang'ono kankafiilila, likatentha zofuna chipatala kankabiliwila.

M'mawa wina anadzuka mutu ukumupweteka. Ine ndinali ndi ulendo wa ku Petauke, kukakonza chokuzila mawu cha pamsonkhano wa chipani. Anaika kapepala pamphumi, anadziyang'ana pagalasi, ine n'kupita. Pobwela tsiku lotsatila ndinapeza sakulankhulanso. Ku chipatala anati malungo anali atakwela kumutu.

Patapita miyezi itatu mwana anatentha thupi. Ndinamuika kapepala, kanasintha, koma sindinadziwe kuti kakuti chiyani. Ndinathamanga naye ku chipatala, anangoti ndi mano. Pobwelela ndinaganiza kuti ndiyenela kupeza njila yowelengela kapepalako ndekha.

Ku koleji tinaphunzila kuti m'galasi la wochi ya manambala muli madzi achilendo, okhala ndi tinthu tating'ono tondandalika ngati machesi m'bokosi. M'kapepala kanganso ndi otelo. Kutentha kukatipotoza, mtundu umasintha. Ndinadzifunsa: ngati tikupotoka, kodi magetsi amene madziwo angasunge pakati pa tizitsulo tiwili sasinthanso? Mita yanga inkatha kuyeza zimenezo, ndipo imayankha ndi manambala, osati mitundu.

Ndinapanikiza kapepalako pakati pa mapepala awili onyezimila a m'paketi ya fodya, n'kusiya kazenela koonela. Ndinalumikiza mawaya n'kukamata pa kapu ya madzi ofunda. Panatsala wondiuza mtundu. Ndinaitana mayi wa nyumba yoyandikana, amene anathawa nkhondo ku Mozambique n'kukhazikika konkuno.

“Amisili, mwandichotsa pa nshawa zanga kuti ndidzaonelele kapu?”

“Muzingondiuza mtundu, amai.”

“Ife mwana timamuyeza ndi tsaya. Koleji yonse ija sanakupatseni tsaya?”

Anakhala pansi ndithu. Madzi akamazizila ankanena kuti, “Kabiliwila. Kabiliwilabe. Eya, kayamba kufiilila,” ine ndikulemba manambala.

Manambalawo ankayenda, koma ankayendanso ndikangoyandikiza dzanja, kapena nthunzi ikanyowetsa pepala. Ndinakulunga zonse m'kapulasitiki ka shuga, mawaya n'kuwamanga pathabwa. Tinachita masabata atatu tikaweluka ku chalichi. Kusiyana kunalipo, kochepa kwambili, ndipo kunandisangalatsa kuposa mmene ndinkayembekezela. Koma mawaya otele sungawaike pa mwana wopalapata.

Sabata lachitatu ndinazindikila kuti ndasiya kuyang'ana mita. Mayiwo akati kafiilila, kwa ine kankaoneka kozimilila ngati lata lakale. Akati kabiliwila, kankawala ngati msana wa nchenche yaikulu. Ndinayamba kunena iwo asananene.

“Aa, maso atseguka?”

“Mtundu sindiuona, amai. Ndikuona kuwala.”

“Ndiye ndibwelele ku nshawa zanga.”

Chiyambile pamenepo kapepala ka mwana ndimawelenga ndekha, ndipo sindinalakwitsepo.

Atachoka mayiwo, ndinakhala ndi kapu m'manja. Ndinakumbuka m'mawa wa ulendo wa ku Petauke uja: ndinaima kumbuyo kwa mkazi wanga, nsapato imodzi ili m'dzanja, ndipo ndinaona mphumi yake pagalasi. Kapepala kankawala. Nditakumbuka zimenezi ndinaganiza kuti mwina linali dzuwa la pazenela, choncho ndinayesa kapepalako pazenela lomwelo, nthawi yomweyo, masiku anayi. Kofiilila sikawala, ngakhale padzuwa.

M'mawa uja mkazi wanga ankadziwa zimene maso anga sangaone. Anachotsa kapepalako, anakapukuta pa chitenje, n'kundiyang'ana pagalasi pomwepo.

“Kangofiilila chabe, atate ake mwana. Fulumilani, minibasi ikusiyani.”