Galimoto Yozimitsa Moto ya Pabwalo Pathu

Lero kugalaja ndamva fungo la polishi wopukutira mkuwa, ndipo ndangoima pakhomo mpaka makaniko kundifunsa ngati ndili bwino.

M'zaka za m'ma 1990 tinkakhala ku South C, ku Nairobi, kumene bambo ankagwira ntchito. Anzawo ankaweta agalu, koma iwo ankasonkhanitsa magalimoto okalamba. Pabwalo pathu panali malole awiri ndi galimoto yofiira yozimitsa moto, imene anaigula itapuma ntchito. Loweruka lililonse ankapukuta belu lake mpaka kunyezimira, ine nditawagwirira kachitini ka polishi.

Loweruka lina masana, sitovu ya palafini inaphulika kukhitchini. Moto unagwira makatani n'kukwera kudenga. Maneba anathamangira kwathu opanda ndowa, poti onse ankadziwa chimene chinali pabwalo pathu. Amuna awiri anakoka paipi yake mpaka pakhomo, akukuwa m'Chiswahili kuti, "Maji! Maji!"

"Bambo a mwana, tsegulani madziwo!" anakuwa mayi.

Bambo anangoima pambali pa galimotoyo, kansalu kali m'manja.

"Mulibe," anayankha motsitsa mawu. "Ndinakhuthula kalekale. Madzi amachititsa thanki dzimbiri."

Mayi anandinyamula, n'kundikhazika pampando wa dalaivala kutali ndi utsi, n'kutseka chitseko.

M'katimo munali zii, mukununkhira polishi. Sindinalire. Ndinagwira chiwongolero n'kumaonerera denga lathu likugwa, kudzera pagalasi limene bambo anali atalipukuta m'mawa womwewo. Galasilo linalibe ndi kafumbi komwe.